Waya Wofiira wa Kawaya

Anthu ankangomutcha Kawaya, chifukwa m'matumba mwake simunkasowa tiwaya. Anzake akamakambirana za tsitsi, iye ankakhala pakona m'shopu ya mafoni ya bambo ake, akuwotcherera tizipangizo pakabolodi kobiriwira.

Pomwepo ndi pamene anamupeza mnyamata wa jekete lakuda.

"Chemwali, utsi umenewu sukuwononga maso okongolawo?"

"Mwabwera kudzagula kapena kudzayeza anthu maso?" anayankha Kawaya osadzutsa mutu.

Mnyamatayo anagula tchaja. Mawa lake anabweranso kudzagula ina. Munthu mmodzi, matchaja anayi pa sabata!

"Mwanawe, Wajekete wakoyu maso ake sakhazikika," anatero bambo ake. "Pakamwa akulankhula ndi iwe, maso ali m'mashelefu."

Koma wokonda samva kamodzi. Ndipo chomwe chinamugwetsa Kawaya sanali mawu otsekemera okha ayi. Wajekete ankamvetsera! Ndani wina anayamba wamufunsapo ntchito ya kabatire kapena kababu?

"Njiwa yanga, kabokosi kali pamwamba pa chitsekoka n'kachiyani?" anafunsa tsiku lina.

"Ndinapanga ndekha. Munthu akatsekula titaweruka, belu limalira, uthenga n'kubwera pafoni panga."

"Mutu umenewu ndidzaukwatira ine, ndalumbira! Ndiye sikangazime?"

"Kangazime. Kungopisa kampeni pampata wapamwambawu n'kudula waya wofiirayu, basi kagona."

Anaseka onse awiri. Koma Wajekete anayang'ana wayayo nthawi yaitali.

Funso lija linamusowetsa mtendere Kawaya. Sikuti ankakayikira wokondedwa wake, anali manyazi chabe. Chipangizo chanji chogonja ndi kampeni? Analimbana nacho masiku atatu, mpaka anachikonza kuti waya akadulidwa, belu lizikhala chete koma uthenga uzipitabe. Sanauze munthu. Ankafuna adzamudabwitse Wajekete Lamlungu.

Lamlungu masana, shopu ili yotseka, Kawaya ali kunyumba, foni yake inalira.

"Pepa njiwa yanga, sindibwera. Mutu ukuwawa, ndagona. Ndiwe mpweya wanga."

"Pepani wanga. Ndikubweretsereni mankhwala?"

"Ayi! Khala pakhomo, usadzivutitse."

Patangopita mphindi zochepa, uthenga wina unalowa. Uwu sunali wa munthu.

"WAYA WOFIIRA WADULIDWA."

Kawaya anauwerenga kawiri. Kapena ndi khoswe? Kapena sanawotcherere bwino? Kwa nthawi yoyamba pa moyo wake anapemphera kuti zikhale kuti walakwitsa ndi iye.

"CHITSEKO CHATSEKULIDWA."

"Bambo," anatero Kawaya, "imbirani apolisi. Tiyeni kushopu."

Anapeza galimoto itaima chafutambuyo pakhomo pa shopu, makatoni a mafoni atadzaza theka. Woyendetsa anathawa. Yemwe anatuluka atanyamula katoni yomaliza anali wodwala mutu uja, kampeni kakusuzumira m'thumba la jekete.

Apolisi atamugwira, Kawaya anadikira. Mwina anena pepa. Mwina agwetsa nkhope. Mtima wopusawo unali ukumufunirabe chifukwa chomukhululukira!

Wajekete anamuyang'ana ndi maso ofiira.

"Iwe, unandinamiza! Unati ukadula kagona!"

Palibenso njiwa. Palibenso mpweya. Misozi inatsika m'masaya mwa Kawaya, koma sanaipukute.

"Ine sindinakunamizenipo," anatero chapansipansi. "Ndinakakonza kuti lero mundinyadire."