Bokosi la Mango

Keeley anakumana ndi Callum chifukwa cha galu wakuba.

Linali Loweruka masana, pashopu ya nsomba ndi tchipisi pomwe mwana wangayu amagwira ntchito. Anali atangoika phukusi la kasitomala pakauntala pamene chigalu chofiirira chinalowa, n'kuimirira ndi miyendo iwiri, n'kunyamula nsombayo ndi pepala lomwe. Pambuyo pake panalowa mwiniwake ali wefuwefu, n'kuombetsa chipumi pafelemu ya chitseko. Gu!

"Mayo ine! Mango, lavula! Lavula, mbava iwe!"

"Wameza kale," anatero Keeley. "Mulipira ziwiri, achimwene. Yomwe wadya galu, ndi ina ya mayi awa. Za chitseko takukhululukirani."

Anthu onse m'shopumo anali atatulutsa mafoni. Ndani sankamudziwa Callum? Katswiri wa timu yathu ya basiketibolo, nkhope yake ili pamabasi onse a m'tauni muno. Koma Keeley za mpira analibe nazo ntchito.

"Kodi simukundidziwa?" anafunsa mnyamatayo akusisita chipumi.

"Ndikukudziwani. Ndinu bambo ake a wakubayu."

"Ndipatseni nambala yanu kuti ndidzapepese bwinobwino."

"Pepesani pompano, pakamwa muli napo."

Mawa lake anabweranso. Mkuja wakenso. Nthawi zonse ankawerama pachitseko, galu atamumangirira panja.

Ine ndine Narelle, mayi ake a Keeley. Ndimagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, ndimafika pakhomo miyendo itatupa, ndipo nkhani zachikondi sindizipatsa mpata. Koma foni ya Keeley ikamangolira pathebulo nthawi ya chakudya, munthu umawerenga usakufuna.

"Duwa langa, lero mpira uliwonse ndimaponya ndikuganiza za iwe."

"N'chifukwa chake mwaluza?"

"Nkhanza zakozo ndi zomwe ndimakukondera, mtima wanga."

Callum atabwera kwathu koyamba anadya soseji zonse za m'poto, kenako anasintha babu la m'khitchini osakwera pampando. Babulo linali litapsa kalekale. Ndinati chabwino, mnyamatayu ali ndi ntchito.

Timu imayendayenda, lero Perth, sabata yamawa Adelaide. Ndiye Mango anayamba kugona kwathu. Poyamba masiku a masewero okha, kenako masiku onse. Keeley ndiye ankamusambitsa, kumuchotsa nkhupakupa, kuyenda naye kugombe m'mawa dzuwa lisanakwiye. Galuyo akamva basi ya Keeley ikuima pamsewu, ankalira ngati mwana.

Chaka chimenecho kontirakiti ya Callum inkatha. Kontirakiti ikatha wosewera amakhala mfulu, timu iliyonse ikhoza kumukopa, ndipo timu yathu ndi yaing'ono. Timalera osewera, akakhwima a ku Sydney kapena akunja amabwera kudzathyola. Taziona kambirimbiri. Koma anthu saphunzira. M'mawindo a mashopu munadzaza mapepala olembedwa kuti "CALLUM USAPITE". Keeley anamata lake pashopu ya nsomba, pamwamba penipeni pa chitseko chija.

Kuntchito kwanga kuli a Desmond, agogo oyenda pa njinga ya olumala, omwe sanaphonyepo masewero a timuyi pawailesi. M'mawa uliwonse ndikamawameta ndevu ankayamba.

"Narelle, mkamwini wako wasaina?"

"Tsekani pakamwa, agogo, ndingakuchekeni."

"Umuuze mwana wako amugwire zolimba. Timu yonse ili m'manja mwa mtsikana ameneyo!"

Mu Febuluwale, mvula ya mabingu ili pakati, Callum anafika ndi chibokosi kumbuyo kwa pikapu. Chapulasitiki yolimba, chitseko chawaya, timabowo m'mbali. Mango ankaopa mabingu, zimenezo n'zoona. Kukangogunda ankalowa kunsi kwa bedi langa n'kumanjenjemera mpaka bedi kugwedera.

"Adokotala a ziweto akuti galu wamantha amafunika kaphanga kakekake," anatero Callum. "Umuphunzitse pang'onopang'ono, bebi. Ine sandimvera. Amamvera iwe."

"Ndiye ndilandira chiyani?"

"Ine ndemwe, wathunthu, ndi nsapato zomwe."

Keeley anaseka n'kumumenya pachifuwa. Bokosilo analiika pabalaza, pakona pomwe ndinkaikapo fani.

Mango analikana. Ankalizungulira patali akulinunkhiza. Keeley anayamba kumuikira mbale ya chakudya pafupi ndi chitseko, kenako pachitseko penipeni, kenako m'kati. Anayalamo malaya ake akale kuti muzimveka fungo lake. Akaweruka ankakhala pansi pambali pa bokosilo, zala atazilowetsa pawaya, akumuyankhula galuyo ngati munthu. Patapita masabata, zinatheka. Ankangogogoda kawiri padenga la bokosi n'kunena kuti, "Kagone, Mango." Galu uja n'kulowa yekha, mchira ukugwedera.

Callum ankafunsa pafoni tsiku lililonse.

"Wakhalamo nthawi yaitali bwanji lero, switi?"

"Kuyambira nkhomaliro mpaka ndaweruka."

"Ndiwe mngelo! Uzitsekanso chitseko, azolowere. Azitha kukhalamo ngakhale tsiku lonse."

Ine ndikutsuka mbale ndinati, "Mabingu ake ati ogunda tsiku lonse?"

Keeley anangopitiriza kuseka pafoni. Nanenso sindinalimbikire. Ndinali ndi yunifolomu yoti ndisite.

Timu inatuluka m'mpikisano pamasewero a pakhomo. Anthu sanachoke m'bwalo, anangoimirira akuimba dzina lake. Callum anatenga maikolofoni, thukuta lili kamukamu, n'kunena kuti, "Tauni ino ndi kwathu!" Azibambo akuluakulu analira.

Pobwerera anaimika pikapu pageti pathu. Keeley anandiuza zonse pambuyo pake, liwu ndi liwu.

"Callum, undiuze zoona. Ukupita?"

"Ndipite kuti, duwa langa? Ndikusaina konkuno. Ejenti wanga, wondikambira za kontirakiti uja, akungowongola timawu tina. Ndikangosaina, ulendo wokagula mphete."

"Lumbira."

"Ndikulumbira pa Mango."

Analowa m'nyumba akumwetulira ngati wawina mpikisano ndi iyeyo.

Epulo anafika. Osewera ena anasaina, ena anapita. Za Callum, zii. Mabwana a timu ankangouza atolankhani kuti zokambirana zili bwino. A Desmond anasiya kudya phala lawo bwinobwino.

Tsiku lina m'mawa, Callum ali ku Brisbane komwe anati akukakumana ndi ejenti, pageti panaima kavani koyera kojambulidwa agalu ndi amphaka. Munatuluka mayi wansangala, wa kabudula, tepi yoyezera ili m'khosi. Ine ndinali ndisanapite kuntchito. Keeley anali ndi buledi m'manja.

"Muli bwanji kuno? Ndabwera kudzamuona Mango ndi bokosi lake. Kwa bambo Callum kulibe munthu, koma anandipatsa keyala ino kalekale kuti galu amakhala kuno. A ndege amavuta, amafuna galu azitha kuimirira ndi kutembenuka m'katimo."

"A ndege?" anatero Keeley.

"Eya, ya ku Japan. Ulendo wautali, mwanangu. Tandigwirireni tepiyi apa."

Keeley anaika buledi pampando n'kugwira tepi.

"Bokosili tinawagulitsa ndife mu Febuluwale, tsiku lomwe anabuka ulendo," mayiyo anapitiriza akuyeza. "Timawauza onse kuti yambani msanga kumuzoloweza galu, koma ambiri samva. Amabwera nawo osaphunzira, galu n'kulira njira yonse. Tamulowetseni ndione."

Keeley anagogoda kawiri. "Kagone, Mango."

Galu analowa, anatembenuka, anagona.

"Ee! Koma ndiye mwagwira ntchito! Uyu afika ngati bwana. Nanga inu mukunyamuka limodzi ndi bambo, kapena mutsatira pambuyo?"

Mayiyo anayang'ana Keeley, anayang'ana ine, kenako anayamba kupinda tepi yake mofulumira.

Vani itapita ndinadikira kuti Keeley alire. Sanalire. Anatola buledi uja, anamaliza kudya, anatsuka kapu yake, anavala epuloni n'kupita kukakwera basi. Madzulo anabwera, anadyetsa galu, anakhala pasofa akuyang'ana TV yosayatsa. Foni inkalira pathebulo.

"Ndakusowa, mtima wanga. Mawa ndili kumeneko. Mango wakhalamo bwanji lero?"

Anangolemba kuti, "Wakwanamo. Amuyeza."

Foni inayamba kuitana. Anaisiya iitane.

Mawa lake Callum anafika ndi maluwa. Keeley anamulandira pakhonde, ine ndili m'khitchini, windo lili lotsegula. Sindinalitseke. Nyumba ndi yanga.

"Ndimafuna ndikuuze, bebi."

"Liti?"

"Zikapsa. Ndinali ndisanasaine papepala, tinangogwirizana pakamwa. Ejenti anati ndisauze munthu, mpikisano unali usanathe."

"Mayi wa agalu unamuuza."

"Keeley, mvetsa. Bondo langali latsala pang'ono. Zaka zosewera n'zochepa, ndipo zomwe akupereka a ku Japan timu ino singazifike. Iwe ukanabwera pambuyo, ndikakhazikika."

"Callum, ine pasipoti ndilibe. Sindinakhalepo nayo. Umadziwa. Galu unayamba kumukonzera ulendo mu Febuluwale. Ine unandifunsapo ngakhale kuti ndikajambulitse kachithunzi?"

Callum anaweramitsa mutu. Chimunthu chachitali chonchija, maluwa atalendewera m'manja.

"Za bondo ndikumva," anatero Keeley, mawu ake osakwera, osatsika. "Ukanangonena. Bwanji sunanene?"

"Ukanakana kumuphunzitsa."

Atangotero anazindikira chomwe wanena. Anayesa kuwabweza mawuwo, koma mawu si mpira woti ungaudumphire. Keeley anangogwedeza mutu ngati wauzidwa mtengo wa mbatata, n'kulowa m'nyumba. Maluwa anatsala pakhonde. Ndinawaika mu ndowa, chifukwa maluwa sanalakwe.

Timu inalengeza Lachisanu. Inathokoza Callum, inamufunira zabwino. Mapepala aja anayamba kuchoka m'mawindo. La pashopu ya nsomba Keeley analimatula yekha, atakwera pa kireti. A Desmond anandiyang'ana pagalasi ndikuwameta.

"Mwana wako walephera kumugwira."

"Si ntchito yake, agogo. Kwezani chibwano."

Tsiku lodzatenga galu linali lotentha, mitambo itadzikundika cha kumapiri. Vani ija inabwera, Callum akuitsatira pa pikapu. Ananyamula bokosi n'kuliika pakhonde. Keeley anaima pachitseko, manja ali m'thumba la epuloni.

"Tiye, Mango, lowa," anatero Callum.

Mango anakhala pansi.

"Lowa, mnyamata wanga. Kagone!" Anagogoda padenga, kawiri, katatu. Anaponyamo kanyama. Anamukoka pa lamba. Galu anakanirira ndi miyendo yonse inayi, maso ali kwa Keeley.

"Osamukankha, bambo," anatero mayi wa vani. "Akalowa ndi mantha, a ndege akhoza kumukana. Ndipo nthawi ikutha."

Onse anatembenukira kwa mwana wanga.

Ine ndinamugwira pamkono. "Usayankhule," ndinamunong'oneza. "Asiye avutike. Akakanika, galu atsala konkuno."

Ndinkanena zoona. Akanangotseka pakamwa, madzulo amenewo Mango akanagona kumiyendo kwake.

"Akakanika lero abweranso sabata yamawa, amayi," anatero Keeley. "Adzamukakamiza, alire njira yonse."

Anatsika pakhonde. Anagwada, n'kuwongola malaya ake akale aja m'bokosimo. Sanamukumbatire galuyo, sanamupsompsone. Anagogoda kawiri.

"Kagone, Mango."

Mango analowa mchira ukugwedera, anatembenuka, anagona, n'kutulutsa mphuno pawaya kudikira zala zake. Keeley anatseka chitseko yekha.

Callum anali akulira. Inde, iyeyo ndiye ankalira! Anamutsatira Keeley mpaka pachitseko cha nyumba.

"Ndidzaimba, duwa langa. Tsiku lililonse. Ndikulumbira."

"Samalani mutu pachitseko, achimwene," anatero Keeley. "Yendani bwino."

Magalimoto anapita. Pakona pabalaza panatsala malo oyera a makona anayi, ozunguliridwa ndi ubweya. Ndinasesa, ndinakolopa, ndinabwezerapo fani.

Chakumadzulo kunagunda bingu loyamba. Keeley anali pathebulo. Anadzuka msangamsanga, n'kuyang'ana kunsi kwa mipando, pakamwa atatsegula kale kuti aitane. Kenako anaima. Anakhalanso pansi.

Ndinamuikira chakudya. Anadya chonse, osafunsa kuti n'chiyani.