Zimene Foni ya Sawsan Inajambula

Lamulo la mpikisano wa karate wa pa intaneti linali loti kanema asadulidwe ndipo mawu asazimitsidwe, kuti oweruza amve kupuma ndi mfuu ya wosewera. Choncho Rodina, mwana wa Medhat amene malemu mkazi wake woyamba anasiya, anakankhira mipando kukhoma n'kuvala zoyera zake za karate. Sawsan, mayi wake womupeza, anagwira foni.

Anabwereza kangapo. Ulendo umene Rodina sanaphonye phazi ndi womwe agogo ake, amayi a Medhat, anatulukira kuchokera kunyumba kwawo, pansi pa nyumba yosanja imene onsewo ankakhalamo. Analowa osagogoda, poti anali ndi kiyi wawo.

Madzulo Medhat anapeza mwana akulira, Sawsan akupinda zovala m'sutikesi.

"Sinditumiza, Ababa," anatero Rodina. "Onerani nokha."

Medhat anaonera. Mwanayo ankatembenuka mwaukhondo, nkhonya zikung'amba mphepo. Kenaka chakumbali kunamveka mawu a amayi ake: "Jambula wa mnzako, nanga wako ali kuti? Mimba yosungira mphodza basi!" Chithunzi sichinagwedezeke n'pang'ono pomwe. Sawsan anagwirabe foni mpaka mwana atawerama pomaliza.

Koma chimene chinamulasa Medhat chinali m'galasi la kabati ya mbale, kumbuyo kwa Rodina. Munkaoneka iye mwini ali pakhonde, akudzutsa mutu, kenaka n'kubwerera ku tiyi wake.

"Sindinamve bwino..." anayamba.

"Munamva, bambo a Rodina," anatero Sawsan, misozi ikutsika. "Mumamva masiku onse. Lero mwangodziona." Anatembenukira mwanayo. "Iwe tumiza. Wavutikira zimenezi."

"Anzanga onse adzamva, Anti!"

"Amve. Oweruza akufuna miyendo yako, osati mimba yanga."

Medhat anatsika masitepe. Anapeza amayi ake akusenda adyo.

"Amayi, kwerani mukamupepese Sawsan."

"Ine? Wakudyetsa chiyani mkazi ameneyu?"

Anawayatsira kanema uja. Atamva mawu awo omwe, mpeni unaima m'manja.

"Ndimangocheza. Zimitsa!"

"Ndipatseni kiyi wa nyumba yanga."

"Ndinakubereka ine, Medhat!"

"Ndikudziwa, Amayi. Kiyi."

Anamuponyera kumapazi n'kumenyetsa chitseko cha kuchipinda, akulira mokweza kuti anansi amve.

Medhat anakwera, namuonetsa Sawsan kiyi uja ngati mwana wobwera ndi mphoto. Sawsan anali atavala kale mpango wake wa paulendo.

"Sadzalowanso osagogoda. Chonde khala."

"Zikomo," anatero mofatsa. "Koma amayi anu ndikanawapirira. Pakhonde paja munali inu. Ndikakhala kwa achimwene ku Tanta, ndikaganize."

Medhat anaima pakhomo, kiyi uja ali m'manja. Rodina anapukuta nkhope, nanyamula sutikesi ya Sawsan, n'kuwadutsa bambo ake pakhomo osawayang'ana.