Kugogoda kwa Pansi pa Simenti

N'chifukwa chiyani m'tauni muno anthu sakumba dzenje lopitirira m'mawondo? Ndinafunsa mayi wa pagolosale, anangondipatsira sopo wanga. Ndinafunsa aneba, anati, "Mafunso sakulitsa mwana, achemwali." Ngakhale mapaipi a madzi amangoyenda pamtunda, anthu n'kumapunthwa nawo.

Bambo a mwana wanga ndi pulambala, ndipo ntchito yosalongosoka imawanyansa. Titangosamukira kuno anakumba ngalande kuseri kwa nyumba mpaka m'chiuno.

"Mwamva zimene anthu akunena?" ndinawafunsa.

"Ulesi basi. Fosholo ikawalemera amati kuli mizimu."

Madzulo ake anaitanidwa kuntchito yakutali, yogonera komweko. Ndinasambitsa mwana, ndinakhoma chitseko, n'kubwereranso kukayesa loko monga ndimachitira. Tinagona.

Ndinadzidzimuka ndi kugogoda. Osati pachitseko. Pansi pa simenti, pafupi ndi mwendo wa bedi. Pang'onopang'ono, ngati kwa munthu amene sakufulumira.

Ndinapapasa pambali panga. Panalibe mwana.

Ndinayatsa tochi ya pafoni. Anali atagwada pakona, khutu ataligunditsa pansi, akumwetulira. Mwana ameneyu amalira akangoona mphemvu.

"Dzuka, mwanawe. Pansipo pakuzizira."

"Dikirani, amayi. Akufunsa njira."

"Ndani?"

"Akuti anasochera kalekale. Ndikamalankhula, amatsata mawu anga."

Ndinamutseka pakamwa n'kumunyamula. Kugogoda kuja kunasiya. Kenako kunayambiranso, pansi penipeni pa mapazi anga. Ndikasuntha, nakonso kunkasuntha. Tinachezera pamwamba pa tebulo, nditamufungatira, dzanja langa lili pakamwa pake.

Kutacha ndinapeza azibambo a mumsewu wathu akukwirira ngalande ija. Palibe amene anandipatsa moni. Aneba aja anandikokera pambali.

"Chinalipo tauni ino isanamangidwe," ananong'ona. "Sichiona, chimangomva. Chikazolowera mawu a mwana sichimusiya."

"Ndiye nditani?"

Anayang'ana nyumba ya patsidya pa msewu, imene mazenera ake anakhomedwa ndi matabwa, n'kubwerera kwawo.

Bambo a mwana anabwerako, koma zoseka za mizimu zija zinatha. Usiku amakhala pampando, mapazi atawakweza. Dzulo ndikumuveka nsapato, mwana anandiuza kuti masiku ano sachita kugunditsa khutu pansi, ogogoda aja akuwamva bwinobwino ataimirira.

Ngati kwanu kuli chipinda cham'mwamba, ngakhale chosungiramo katundu, chonde lolani mwana wanga azikagona kumeneko.