Amene Anabwera ku Nyali ya Lowena

Madzulo amenewo Lowena Jelbert analephera n'kuwerenga mbalame komwe. Anali atatsamira chipupa cha doko la Porthlennick, magalasi oonera patali ali m'maso, koma mtima uli kwina. Madzi anali ataphwera, matope ali mbee mpaka kukamwa kwa doko. Akakowa ankayenda monyang'wa m'ngalande. Timbalame toyera tam'nyanja tinkadutsa ndi tinsomba kukamwa, kuthamangira ana awo ku mchenga. Tsiku lina akanaima pomwepo mpaka mdima, ndipo mu Juni mdima wa kuno umachedwa. Koma lero m'mutu mwake munali chinthu chimodzi basi: chingwe chake cha magetsi, chodulidwa pakati ndi mpeni.

Lowena anagwira unamwino moyo wake wonse m'tauni ina ya kumtunda. Atapuma pa ntchito anagulitsa nyumba n'kugula kanyumba ka kumapeto kwa msewu wa padoko. Ana ake anati wapenga. Iye ankadziwa chimene ankafuna. Kuyambira ali mtsikana ankatchera agulugufe a usiku: bokosi, babu lowala kwambiri pamwamba, mathireyi a mazira m'kati kuti tizilomboto tibisalemo. M'mawa ankatsegula, n'kuona mitundu imene yabwera, n'kutumiza mayina ku gulu la anzake, kenako n'kuwamasula onse amoyo. Ndipo nyengo yotentha ikamayamba pamakhala agulugufe ena amene amaoloka nyanja yonse kuchokera ku France, n'kutera pa gombe loyamba limene aliona. Amenewo ndi amene anamusamutsa.

Koma chiikireni nyali yake pamwamba pa mtsetse wotsitsira mabwato, sinayakepo mpaka kucha. Poyamba anapeza wina atazula pulagi. Kenako anapeza babu atalivindikira ndi ndowa. Lero, mpeni.

Wochita zimenezi sanali wovuta kumudziwa. M'nyumba yoyandikana ndi yake munkakhala a Denzil Trevaskis, nkhalamba yosodza nkhanu, mbeta ya moyo wonse. Anali atakhala pakhomo, akusoka mono. Lowena anawapitira.

"A Trevaskis, mpeni wanu ndi wakuthwa, eti?"

Sanadzutse mutu. "Wa msodzi umayenera kutero, mayi."

"Ndiye mwauyesera pa chingwe changa?"

"Ndinakuuzani mutangofika. Nyali yanuyo ikani kuseri kwa nyumba. Isayang'ane kunyanja."

"Kuseri kuli khoma ndi mabini a zinyalala! Ndikagwire chiyani kumeneko, mphemvu?"

"Imasokoneza obwera panyanja."

"Obwera ake ati? Madzi akaphwera pano ngakhale beseni silingayandame. Mukundiyesa mwana?"

A Trevaskis anamanga mfundo, n'kuikoka ndi mano.

"Njenjete zanuzo mudzazigwira mwezi wamawa. Osati uno. Osati madzi akamaphwera usiku."

"Si njenjete. Ndipo tamverani, achikulire. Ndagula chingwe china. Mukangochikhudza, mukafotokoza kupolisi."

"Kupolisi," anatero a Trevaskis, ngati akulawa mawuwo.

Lowena anachoka mwaukali. Ngakhale kukana sanakane!

Dzuwa litalowa anayala nsalu yoyera pa mtsetse, n'kuikapo bokosi, n'kuyatsa. Anazimitsa magetsi a m'nyumba kuti aoneke ngati wagona. Kenako anatuluka mwakachetechete, atavala jasi, tiyi ali m'fulasiki, n'kukabisala kuseri kwa bwato lina lovundikira. Foni inali m'manja. Ankafuna nkhope ya nkhalambayo ioneke bwino pa chithunzi, mpeni uli m'manja.

Usiku unali wofunda, wopanda mphepo. Usiku wotere agulugufe amabwera ngati aitanidwa. Anayamba aang'ono otuwa. Kenako oyera ngati thonje. Kenako wina wamkulu, wa mapiko obiriwira ndi ofiirira, anagunda babu, thi, n'kugwera m'bokosi. Mileme inkazungulira pamwamba. Kutali pa matope, mbalame zina za milomo yofiira, zimene sizidziwa kugona, zinkalongolola ngati pa msika. Nkhandwe ikangodutsa, zimenezo zimadzutsa doko lonse.

Kwa kanthawi Lowena anaiwala kuti wakwiya.

Kenako mbalame zija zinaleka.

Sizinaleke pang'onopang'ono. Zinangoti zii, zonse pamodzi. Anayang'ana kumwamba. Mileme kunalibe.

Phwata. Phwata.

Munthu ankayenda m'matope.

Lowena anayang'ana kunyumba kwa a Trevaskis. Chitseko chinali chotseka. Mapaziwo sankachokera kumeneko. Ankachokera kunyanja.

"Kuchenjera kwake," anadziuza. "Wazungulira m'matope kuti ndisamuone." Magazi anamuwira.

Phwata. Phwata. Woyendayo sankafulumira. Ankaima, kenako n'kuyambanso, ngati munthu wotopa amene wachokera kutali. Kumapeto kwa kuwala kunatulukira chipewa. Kenako jasi lalitali la asodzi, lakuda, lolemera, la mtundu umene Lowena anangouona pa zithunzi zakale. Munthuyo anayamba kukwera mtsetse. Madzi ankachucha m'jasimo osaleka.

Fungo linafika iye asanafike. Fungo la pansi pa matope, pamene dzuwa silinafikepo.

Lowena anadzambatuka.

"Ndakugwira! Ndakugwira lero, nkhalamba yopanda manyazi iwe! Ukuona ngati ukavala zinsanza ndithawa? Ndasamalira anthu amisala ine, ndagwira zidakwa zonyamula mipeni, ndiye ndikaope iwe? Vula chipewacho, Denzil!"

Munthuyo sanamuyang'ane. Anaima pafupi ndi bokosi, nkhope italoza ku babu. Agulugufe amene ankazungulira nyali anayamba kugwa. Ankangothothoka, n'kugwera pa nsalu, osakupizanso mapiko.

"Mayi," anatero. "Pano ndi pa Porthlennick?"

Mawuwo sanali a Trevaskis. Anali a munthu wamng'onopo, aulemu, koma otuluka movutikira ngati akudutsa m'madzi.

"Usandipusitse," anatero Lowena. Mawu ake anali atachepa.

"Tasochera. Chifungachi. Tayenda nthawi yaitali."

Kunalibe chifunga. Nyenyezi zinali mbuu kumwamba konse.

"Anzanga ali m'mbuyomu. Chonde, musazimitse."

Ukali ndi umene unamukankha, chifukwa nzeru zikanamuuza kuti athawe. Anatambasula dzanja n'kugwira mkono wa jasi kuti amutembenuze. Mkonowo unafinyika m'dzanja mwake ngati thumba la madzi. Madziwo anatsikira m'chikhatho mpaka m'chigongono. Lowena anagwirapo manja a anthu akufa ambirimbiri. Kuzizira kwawo ankakudziwa. Uku kunali kwina.

Anasuzumira kunsi kwa chipewa. Babu linkawala moti munthu sakanaliyang'ana, koma kuwalako sikunkafika pa nkhope. Anangoona ndevu zonyowa. Kankhanu kakang'ono kanatuluka m'kolala, n'kuyenda pa phewa, n'kubwereranso m'kati.

Foni inagwa pansi.

Phwata. Phwata. Phwata.

Anayang'ana kumatope. Analipo ena. Ankabwera pa mzere, aliyense dzanja lili pa phewa la mnzake wa kutsogolo, ngati akhungu. Woyamba anali atafika kale m'munsi mwa mtsetse.

Kumbuyo kwake chitseko chinamenyetseka. A Trevaskis anatulukira akuthamanga, ali ndi zovala zogonera ndi majombo, nkhwangwa ili m'manja. Sanayang'ane aliyense. Anakweza nkhwangwa n'kutema chingwe pa mwala. Moto unathetheka. Kunada bii.

Dzanja la nkhalamba linamugwira Lowena paphewa, lofunda.

"Musayankhe," ananong'ona. "Yang'anani pansi."

Kwa nthawi ndithu kunkangomveka madzi akudontha.

"Ndani wazimitsa?"

Ulemu uja unali utatha.

"Ndani wazimitsa nyali?"

Mawuwo anasendera. Lowena anamva madzi ozizira akudonthera pa nsapato zake. Fungo lija linamudzaza m'kamwa. Chinthucho chinapuma pafupi ndi khutu lake, kenako chinasunthira kwa nkhalamba.

"Trevaskis," chinatero. "Ndiwenso?"

Zala za a Trevaskis zinamulowa Lowena m'mnofu. Sanayankhe.

Kumatope wina anafuula, mfuu yaitali ya anthu oitanizana panyanja. Wina anayankha chakumanzere. Wina kutali, kumene sikunali njira. Mzere uja unali utamwazika. Kenako jasi lija linakhulika pa miyala, kutsika. Phwata. Phwata. Mfuu zija zinapitirira, zikumka zichepa.

Awiriwo anaima pomwepo mpaka kum'mawa kutayamba kuyera. Mbalame imodzi inalira, moyesa. Zinzake zinalandira.

Kutacha Lowena anatsegula bokosi. Linali lodzaza madzi amchere mpaka pakamwa, chonsecho nyanja sinafike pamene panali bokosipo. Mathireyi anali atasungunuka. Agulugufe onse ankayandama, akufa. Pakati pawo panali mmodzi wa mizere yoyera pa mapiko, wa kutsidya kwa nyanja, amene Lowena anamudikira kuyambira ali mtsikana. Anamutola, n'kumuika pa chikhatho. Misozi imene inatuluka sinali ya mantha.

"Anakutchulani dzina," anatero.

"Si ine," anayankha a Trevaskis. "Ndi agogo awo a bambo anga." Anatola nkhwangwa n'kukalowa m'nyumba.

Zotsalazo Lowena anakazimva kusitolo, atapita kukagula mkaka. Mayi Chenoweth, ogulitsa mkaka ndi nyuzipepala, anangomuona nkhope n'kudikira kuti ogula ena atuluke. Kenako anatsitsa mawu.

"Munawaona, eti? Pamene mumaika bokosi lanupo ndi pamene pankakhala nyali ya doko kalekale. Woyatsa anali Trevaskis. Usiku wina wa Juni kunagwa chifunga, bwato lina lili panyanja, nyali n'kuzima. Ena amati mafuta anatha. Ena amati anaizimitsa dala, ankalimbirana mkazi ndi mwini bwato. Bwatolo linatitimira pa mchenga kukamwa kwa doko. Anthuwo anatsika kuti ayende pa matope, koma mumdima sanadziwe kolowera. Madzi anawapeza akuzungulira." Anapukuta tebulo lopukuta kale. "Chichokereni apo, kumapeto kwanuko sitiyatsa kanthu mwezi uno. Ngakhale getsi la mumsewu, anyamata amakachotsa babu."

"Ndiye nonsenu mumadziwa?" anafunsa Lowena. "Mumandigulitsa mkaka tsiku ndi tsiku, kumandisekerera, osandiuza?"

"Mukanakhulupirira?"

"Mukanayesa!"

Mkakawo anausiya pomwepo. Anayenda msewu wonse wa padoko osapereka moni kwa aliyense, mpaka pakhomo pa a Trevaskis. Anagogoda ndi chibakera.

"Anthu aja akungopempha njira yobwerera kwawo," anatero chitseko chitatseguka. "Agogo a bambo anu anawazimitsira. Inunso mukuwazimitsira, chaka ndi chaka. Munawamva mmene amaitanirana? Mumagona bwanji?"

"Sindigona," anatero a Trevaskis. Maso awo anali ofiira. "Kwawo ndi kuti, mayi? Nyumba zawo ndi zomwezi. M'nyumbamo mukugona ana a anthu. Yanuyo inali ya amene munamugwira mkono uja. Akakwera onse, mukawagoneka pati?"

"Mukudziwa bwanji kuti akufuna kulowa m'nyumba? Mwina akungofuna kuponda pouma. Alipo anawasiyirapo nyali kuti aone?"

"Bambo anga anayesa. Chaka china."

"Ndiye zinatha bwanji?"

A Trevaskis anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatseka chitseko pang'onopang'ono.

"Amantha!" anakuwa Lowena, msewu wonse ukumva. "Doko lonse amantha okhaokha!"

Masana anakwera basi ya kutauni. Madzulo anthu anamuona akutsika, chingwe chatsopano atachikoleka paphewa. Palibe anamuletsa. Mayi wina anaitana ana ake amene ankasewera pa chipupa, n'kuwalowetsa m'nyumba dzuwa likadali pamwamba. Makatani oyang'ana kunyanja anatsekedwa, nyumba ndi nyumba, mpaka kumapeto kwa msewu.

Lowena anayala nsalu pa mtsetse. Anaikapo bokosi. Anakhala pa mwala, pulagi ili m'manja, osailowetsa, osaisiya.

A Trevaskis anatulutsa mpando, n'kukhala pakhomo pawo, nkhwangwa ili pamiyendo.

Sanayang'anane. Madzi anayamba kuphwera.