Misozi Imene Eveline Anapereka

Eveline wa kwa Nachisaka ankadziwa kulira. M'masewero a gulu lawo, akagwada pa siteji n'kugwira mutu, ngakhale abambo andevu ankapukuta m'maso. Koma kulira sikudyetsa munthu. Sewero likatha ankabwerera wapansi, nsapato zoduka zili m'manja, n'kukapeza mwana wake Tabita atagona ndi njala. Mwanayo anabadwa sabata imene bambo ake anamwalira, ndipo dzina la Tabita analipeza mochedwa, pa ubatizo.

Chinkamuwawa koposa umphawi chinali Lidia, mnzake wa m'gulu lomwelo, amene ngakhale kuloweza mawu kunkamukanika, koma anakwatiwa ndi phungu, a Moffat Gwaza. Lidia akadutsa pa galimoto, Eveline ankameza fumbi ndi nsanje pamodzi.

Tsiku lina masana anakwera phiri la kuseri kwa Dzoole, kwa sing'anga wina wowonda ngati nsungwi.

"Ndikufuna chuma, agogo. Ndikufunanso mwamuna wa Lidia."

"Zazing'ono zimenezo," anatero mkuluyo akunola lumo. "Koma chizimba chake ndi misozi. Undipatsa?"

Eveline anaseka. "Misozi? Ine ndimaitaya daile pa siteji. Tengani!"

"Nena katatu kuti ndapereka Misozi."

Ananena katatu, ndipo mkuluyo anamutema mphini pansi pa maso onse awiri.

Chaka chisanathe, mafilimu a Eveline anali m'nyumba iliyonse yoonetsera kanema. A Gwaza atamuona, mutu unawazungulira. Lidia anatulutsidwa m'nyumba ndi zibakera, katundu wake n'kuponyedwa pamsewu, ndipo mawailesi anaiimba nkhaniyo mwezi wathunthu. Eveline analowa m'nyumbamo osamva chisoni ngakhale pang'ono. Pa kamera misozi inkatulukabe bwinobwino, ndiye iye ankangoti nkhalamba ija yaiwala. Tabita atayamba kudzuka ndi timabala pansi pa maso, amayi ake anati ndi udzudzu.

Pa msonkhano wa kampeni ku Ntchisi Boma, lole ya anyamata a chipani inabwerera m'mbuyo yokha, mulibe dalaivala, n'kupanikiza Tabita kukhoma. Anamukulunga m'nsalu ya chipani, nkhope ya a Gwaza ya pansalupo itanyowa ndi magazi.

Ku maliro kwa Nachisaka, azakhali a mwanayo anafika akudzigwetsa pansi. "Misozi wanga ine! Misozi, mwana wa mlongo wanga!"

Eveline anauma thupi. Limenelo ndilo dzina limene akuchimuna anam'patsa mwanayo ali wakhanda, pa maliro a bambo ake, lisanakwiriridwe ndi la ubatizo.

Anatsegula pakamwa kuti alire, koma chimene chinatuluka chinali kuseka. Anadzimenya makofi, anadzikanda mpaka kutuluka magazi, koma chikhakhali chinkangokula pamaso pa bokosi. Nyimbo ya amayi a chigwirizano inaduka.

"Wadya mwana ameneyu!" anakuwa azakhali aja. "Onani mphinizo!"

Adzukulu anachoka kumanda ndi makasu m'manja. Mwala woyamba unamugulula mano, mpini unamuthyola mkono, iye akusekabe. Anakwawira kwa mwamuna wake n'kugwira mwendo wa buluku. A Gwaza anayang'ana gulu la anthu ovota lija, n'kumukankha ndi nsapato.

"Abale anga, nanenso mayiyu anandidyetsa mankhwala!"

Analowa m'galimoto, ulendo.

Apolisi anamutola Eveline akupumira m'mwamba. Sanafe, mwina imfa ikanamuchitira chifundo. Lero mukafika pamsika wa Ntchisi mumupeza atavala nsanza, akuseka ndi nkhama zokhazokha, maso ali gwa, akugwira aliyense wodutsa n'kumufunsa ngati wamuonako Misozi.

Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Dyera likakufikitsa kwa sing'anga, dziwa kuti iye safuna chimene umataya tsiku ndi tsiku. Amatenga chimene unabereka.