Wazinga Ndani?

Dzuwa linali litakwera kale pamwamba pa mitengo ya m'mbali mwa Shire, koma Che Hamadi anali asanaoneke. Scholastica anaima pakhomo pa chisakasa chophikiramo, manja ali m'chiuno, maso ali kunjira yochokera ku Liwonde. Mbuzi zisanu ndi imodzi zinali chimangirire pansi pa mtengo wa bwemba, zikudya masamba mosatekeseka, osadziwa kuti ndiwo za masana ndi izo zomwe. Madzi m'migolo anali atawira mpaka kuphwera, anthu n'kuwonjezera ena, iwonso n'kuwira.

Linali tsiku lakhumi, lotsekera msasa wa masikauti. Chaka chimenecho boma la Machinga linkatchedwabe Kasupe, ndipo anthu a m'derali anali asanaonepo matenti ochuluka chotero pamalo amodzi. Anyamata analipo pafupifupi mazana anayi, ena a konkuno, ena ochokera ku Zambia, ku Tanzania ndi ku Kenya. Akuluakulu onse amene ankawayang'anira anali odzipereka okha, popanda malipiro. Wina ankasamala odwala, wina ankaphunzitsa kumanga mfundo za zingwe, ndipo Scholastica, mphunzitsi wa ku Balaka, anasankha kukhitchini. Aphunzitsi anzake anamuseka kuti munthu wamutu wake sangathere tchuthi chonse pa utsi ngati nsomba yowamba.

Iwo sankadziwa chifukwa chake. Ku Balaka, Scholastica ankakhala moyandikana ndi Zaina, mayi wamasiye wachisilamu, ndipo nyumba zawo zinkalekanitsidwa ndi kampanda ka udzu kofika m'chiuno. Kwa zaka khumi ndi ziwiri mbale zinkadutsa pamwamba pa kampandako, kupita uku ndi kubwera uku. Scholastica anali Mkhristu wa kubadwa nacho, koma ankadziwa bwino kuti Msilamu sadya nyama imene sinazingidwe ndi Msilamu mnzake, motchula dzina la Mulungu. Choncho nkhuku iliyonse ya pakhomo pake ankayamba waitumiza kumzikiti kuti ikazingidwe. Zaina ankadziwa zimenezo, ndipo pa zaka zonsezo sanafunsepo ngakhale kamodzi kuti nyama ya m'mbale wazinga ndani.

Koma nkhani ya msasa itabwera, Zaina anakana kwamtuwagalu. Mwana wake anali mmodzi yekha, Swaibu, wa zaka khumi ndi zitatu, ndipo sankafuna kuti akadye za m'mapoto a anthu osawadziwa. Swaibu analira masiku awiri. Tsiku lachitatu Scholastica anatsamira pakampanda kaja n'kunena kuti, "Amake Swaibu, ndikalembetsa kukhitchini ineyo. Chilichonse cholowa m'kamwa mwa mwanayu chidzadutsa m'manja mwanga. Mukundidziwa." Zaina anamuyang'ana, kenaka analowa m'nyumba kukafunafuna bulangete la mwana.

Masiku asanu ndi anayi zonse zinayenda myaa. M'mawa uliwonse Che Hamadi, mwalimu wa pamzikiti wina ku Liwonde, ankafika pa njinga yawo, mpeni atakulunga m'nsalu yoyera. Ankazinga mbuzi, n'kusamba m'manja, n'kumwa tiyi ataimirira, ulendo. Mtsogoleri wa anyamata a ku Tanzania, amene ambiri mwa iwo anali Asilamu, ankabwera kudzaonerera masiku oyambirira. Pofika tsiku lachinayi analeka, anati waona zokwanira.

Ndiye tsiku la masiku, tsiku lobwera alendo, ndi limene Che Hamadi anasowa.

Bambo Enock, mkulu wa msasa, anali atadutsa kale kawiri. Ulendo wachitatu sanalonjere n'komwe. Anagogoda wotchi yawo ndi chala, n'kukumbutsa kuti akuluakulu a chipani ndi a boma afika dzuwa lili paliwombo, ndipo chakudya chikhale patebulo nthawi yomweyo. Masiku amenewo kusunga akuluakulu a chipani ndi njala sinali nkhani yoseka. Anthu ankachotsedwa ntchito pa zinthu zochepa kuposa pamenepo, ndipo Scholastica ankadziwa. Mantha anamugwira.

Anatuma munthu kukaitana mtsogoleri wa ku Tanzania uja, koma anapeza kuti gulu lake lonse lapita kumtsinje kukakonzekera masewero a mabwato. Asilamu ena aakulu pamsasapo panalibe.

Amosi, wophika wamkulu, munthu wofulumira pakamwa ndi pamanja pomwe, anasendera pafupi akunola mpeni pa mwala. Anati nyama ikalowa mumphika silankhula, ndipo iye wapha mbuzi zambiri kuposa tsitsi la m'mutu mwa Che Hamadi. Scholastica anati iyayi. Anayang'ananso kunjira. Kunali fumbi lokhalokha ndi mayi wina wosenza nkhuni. Amosi ananenanso. Scholastica anati adikireko pang'ono. Kenaka kubwalo kunamveka ng'oma za anyamata oyeserera perete, ndipo mtima wake unagonja.

"Pitani nazo kuseri kwa tchire uko," anatero motsitsa mawu. "Chitani msanga."

Ntchito inayenda mwachangu mochititsa manyazi. Pasanathe ola nyama inali m'migolo, anyezi ndi tomato zili momwemo, fungo lili ponseponse. Scholastica ankatakasa, akudziuza kuti ndi tsiku limodzi lokha, kuti mbuzi ndi mbuzi, kuti masiku asanu ndi anayi wasunga mawu ake ndipo zimenezo si zochepa. Ankadziuza zambiri, koma palibe chimene chinakhazikika.

Nyama ili pafupi kupsa, Che Hamadi anatulukira akukankha njinga, tcheni chili lende, mkanjo utanyowa ndi thukuta. Anali atayenda pansi mtunda wonse. Anapepesa asanapume n'komwe, kenaka maso awo anagwera pa zikopa zisanu ndi chimodzi zoyanikidwa panthambi. Anafunsa kuti wazinga ndani.

Apa Scholastica akanatha kunena zoona, ndipo nkhani ikanathera pa nyemba ndi matemba. Koma bodza limodzi likangolowa pakhomo limaitana abale ake. Anawayang'ana m'maso n'kunena kuti mtsogoleri wa ku Tanzania ndiye wathandiza.

Nkhope ya Che Hamadi inamasuka. Anayamika Mulungu, nati njira yonse mtima unali pa anawo, kuti adya chiyani lero. Anakhala pa chitsa n'kuyamba kukonza tcheni chawo, akudikira kuti nawonso adye nawo chakudya chotsazikana. Amosi anayang'ana kumbali.

Alendo anafika pa magalimoto atatu. Panali nyimbo, perete ndi malankhulidwe, ndipo chakudya chinafika patebulo lawo pa nthawi yake. Bambo Enock anamwetulira koyamba tsiku limenelo. Kenaka anyamata anandanda ndi mbale zawo, dziko ndi dziko. Amosi ankagawa mpunga, Scholastica nyama. A ku Zambia anadutsa. A ku Kenya anadutsa. Atafika a ku Tanzania, dzanja lake linayamba kulemera, komabe linagawa. Mtsogoleri wawo anamugwedezera mutu mwaulemu, ndipo iye anayang'ana mumgolo.

Pambuyo pake panabwera gulu la ku Balaka. Swaibu anali wachitatu pamzere, mpango wa pakhosi utapotoka, mphuno itasendeka ndi dzuwa, chimwemwe chili pankhope. Mnzake wa kumbuyo kwake, Msilamu wa ku Chikweo, anamunong'oneza kuti lero sanawaone Che Hamadi m'mawa, kodi nyamayi ili bwino? Swaibu anatembenuka ngati wamva zachibwana.

"Iwe, amayi anandiuza kuti chimene andipatsa aphunzitsi ndizingodya, osafunsa." Anatambasula mbale yake.

Chipande chinali m'mwamba, nthuli ziwiri zili momwemo, msuzi ukudontha. Scholastica anaona kampanda ka udzu kaja, ndi Zaina akulowa m'nyumba kukafuna bulangete. Manyazi amene anamugwira anali oti sanawamvepo chibadwire. Anabweza nyama mumgolo.

Wogwira ntchito aliyense pamsasapo ankavala wenzulo m'khosi, ndipo lamulo linali loti ikalira katatu aliyense aleke chimene akuchita. Inali ya moto, ya njoka, ya mwana wogwera m'madzi. Scholastica anaiika pakamwa n'kuimba katatu.

Msasa wonse unangoti zii. Ngakhale alendo anasiya mafoloko. Bambo Enock anabwera chothamanga akufunsa kuti kwapsa kuti, ndipo atamva za nyamayo, anamugwira pamkono n'kumunong'oneza kuti akhale chete mpaka magalimoto atachoka. Koma kumbali uko ana anali akutafuna. Scholastica anachotsa mkono wake.

"Nyamayi sinazingidwe," anatero mokweza. "Ndinalamula ine kuti iphedwe, ndipo ndinanamiza Che Hamadi. Asilamu nonse, chonde, musadye."

Ananenanso m'Chingerezi kuti alendo akunja amve. Anyamata a ku Tanzania anaika mbale pansi mmodzimmodzi. Ena anali atafika kale pakati. Kamnyamata kena kakang'ono kanathamangira kuseri kwa tenti, ndipo aliyense anamva kakusanza. Mtsogoleri wawo sanakalipe. Anangosonkhanitsa ana ake n'kupita nawo kukatsuka m'kamwa, ndipo podutsa pakhitchini sanayang'aneko.

Che Hamadi anadzuka pa chitsa paja, manja ali bii ndi mafuta a tcheni. Anayamba apita kwa anawo kukawakhazika mtima pansi, kuwauza kuti wodya mosadziwa alibe mlandu pamaso pa Mulungu. Kenaka anabwera kwa Scholastica.

"Kuchedwa ndinachedwa ine, mayi, ndipo mukanati mbuzi taphera changu, ndikanamva. Tikanaphika zina." Anapukuta manja pa nsalu ya mpeni ija. "Koma munandiyang'ana m'maso."

Alendo ananyamuka magule asanayambe. Bambo Enock, ali gwa ndi mkwiyo, anauza Scholastica kuti avule mpango wa ogwira ntchito ndipo aiwale zodzaitanidwanso. Anavula. Kenaka anapita yekha kumudzi wapafupi kukabwereka mapoto oyera kwa amayi achisilamu, naphika matemba ndi mpunga watsopano. Ana aja anadya dzuwa litapendeka. Pogawa, Che Hamadi ndi amene anagwira chipande.

M'mawa mwake lole inawatula ku Balaka. Njira yonse Swaibu anakhala kumbuyo kwenikweni, akuyang'ana mitengo. Scholastica sanalowe m'nyumba mwake. Anasiya chikwama pakhonde n'kuzungulira kampanda kaja, kukalowera pakhomo ngati mlendo. Anapeza Zaina akupeta mpunga. Anakhala pansi n'kufotokoza zonse, osachotsapo, osadzikometsera. Lichero linkangopita m'mwamba ndi pansi.

"Mwana wanga sanadye?"

"Sanadye."

"Nanga ana a eni?"

Scholastica anawerama. Zaina anatola kamwala mumpunga n'kukataya. Panalibe kutukwana, panalibe kulira, ndipo zimenezo n'zimene zinawawa kwambiri.

Masabata atatu anadutsa. Ankapatsana moni m'mawa, moni wouma wa anthu okumana pachigayo, koma pamwamba pa kampanda sipanadutse mbale. Scholastica ankati akaphika chokoma, dzanja linkatenga lokha mbale yachiwiri, kenaka n'kuibwezera pamalo pake. Anasowa mnzake koopsa.

Lamulungu lina atabwera kutchalitchi anagwira tambala wake wofiira. Sanatume mwana ayi. Anamunyamula yekha mpaka kumzikiti, nadikira panja mpaka mwalimu atamaliza, naonerera ndi maso ake tambalayo akuzingidwa. Anaphika mosamala, napakula ntchafu ndi chiwindi, zimene Zaina ankakonda, navundikira. Anaima pakampanda n'kuitana.

Zaina anatuluka akupukuta manja pa chitenje. Anayang'ana mbaleyo, anayang'ana mnzakeyo. Manja ake sanatambasuke msanga.

"Wazinga ndani?"

Scholastica anatchula dzina la mwalimu, ndi nthawi, ndi anthu awiri amene analipo. Zaina anagwedeza mutu, analandira mbale ndi manja awiri, nathokoza bwinobwino, nalowa nayo m'nyumba.

Scholastica anatsala chiimire pakampandapo. Mbale inali italandiridwa, inde. Koma pa zaka khumi ndi ziwiri funso limenelo linali lisanamvekepo pamalo amenewo, ndipo iye anadziwa kuti Lamulungu likudzalo adzaliyankhanso.