Ambulansi ya Lachitatu

Khadija anaima pakhomo la nazale atatseka mphuno ndi nsonga ya mpango wake. Mkati anesi ankasintha kansalu pamsana pa mwana wobadwa dzulo lake. Ana ena onse anali atagona chagada kapena cham'mbali, koma uyu anamugoneka chafufumimba. Kumunsi kwa msana wake kunali chotupa chofiira, chonyezimira, chachikulu ngati tomato. Ameneyu anali mwana wa mchimwene wake, Shaibu.

Shaibu anali ku Joni, kumene ankagwira ntchito m'sitolo. Mkazi wake, Rute, anagona ku wodi ya amayi ali pa diripu. Anabereka mwa opareshoni ndipo anataya magazi ambiri. Kwawo kwa Rute kunali cha ku Chiponde, kumalire, kumene makolo ake anakhazikika atathawa nkhondo ku Mozambiki. Sukulu analekera Sitandade 4. Kwa Mponda, kumene anakwatiwa, sanamuwerengere chifikireni.

Mayi Ajira, amayi a Khadija, anabwera kamodzi kokha. Anasuzumira mwanayo, nakwinya milomo.

"Kwathu kulibe zotere," anatero. "Ndinamuuza Shaibu kuti asamatole akazi m'misika. Iwe Khadija, tsala. Uzimuphikira mkaziyo phala, anthu asatinene."

Khadija anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ali Fomu 3, ndipo m'kalasi mwawo palibe ankamuposa pa Bayoloje. Zoti tchuthi chake chithere pa kutaya mkodzo wa munthu wosadziwa kulemba dzina lake zinkamuwawa. Akamupatsa Rute kapu ankaiika patali kuti adzikoke yekha. Mayi wa bedi loyandikana atafunsa ngati ali pachibale, Khadija anati, "Amangokhala kwathu."

Lachitatu m'mawa anesi aja, a Jacqueline, anamuitana.

"Ndiwe gadiyani wa Rute? Tamvera bwino. Fupa la msana wa mwanayu silinatsekeke ali m'mimba, ndiye mitsempha ili pamtunda. Palibe amene analakwa. Zimayamba mimba ikadali ya masabata ochepa, kawirikawiri thupi la mayi likaperewera mavitamini ena. Chofunika tsopano n'kutseka balalo msanga tizilombo tisanalowe, ndipo zimenezo amachita ku Blantyre. Ambulansi inyamuka posachedwa ndi wodwala wina. Mayi ake sangayende lero, atsatira. Upita naye ndiwe. Kawadzutse uwauze, ubwere ndi yankho."

"Akatseka adzayenda?" anafunsa Khadija.

"Mwina ndi ndodo, mwina pa njinga ya olumala. Sitingadziwe lero. Koma akhoza kukula n'kupita kusukulu ngati iweyo."

Khadija anaseka chamumtima. Ngati iye? Anapita ku wodi. Rute anali m'tulo, kukamwa kuli yasa, milomo itauma. Khadija anamuyang'ana kwa kanthawi. Anaganiza za ulendo wonse wa ku Blantyre atanyamula kanthu kaja pamiyendo, anthu akumayesa kuti n'kake. Anaganizanso za ukwati wa msuweni wake ku Nkopola Loweruka, ndi diresi lobiriwira limene telala anali atamaliza kale. Sanamudzutse.

"Akana," anauza anesi. "Akuti mwana wawo sachoka popanda iwo. Mukudziwa anthu a kumudzi."

A Jacqueline anapukusa mutu. Anayamba kulowera ku wodi kuti akalankhule naye okha, koma mnzawo anawaitana mwachangu: mwana wina anali atasiya kupuma. Pamene ankamaliza, ambulansi inali itadutsa kale pageti. Yotsatira inali ya Lachisanu.

Lachinayi masana chotupa chija chinayamba kuchucha madzi. Pofika Lachisanu m'mawa mwana anali atatentha thupi, akukana mkaka, akulira kulira kwina kwake kopyapyala kumene Khadija anali asanamvepo. Anamubaya jakisoni pakadzanja. Adokotala anati tizilombo talowa, ndipo ku Blantyre adzayamba alimbana nato asanaganize za opareshoni.

Rute anadzuka pabedi. Anayenda chowerama, dzanja lina pabala la pamimba, lina litagwira khoma, kuchokera ku wodi mpaka pamene panaima ambulansi. Anakwera pang'onopang'ono, nakhala pansi, nayala pilo pamiyendo. Anesi anamugoneka mwanayo pamenepo chafufumimba, ndipo anamusonyeza kamodzi kokha kagwiridwe kake. Rute anagwira ndendende. Khadija anamupatsira jumbo ya zovala. Rute analandira osamuyang'ana.

Loweruka Khadija anavala diresi lake lobiriwira napita ku Nkopola. Kunali mpunga ndi nyama ya mbuzi, azimayi akuvina. Amayi ake ankafotokozera anzawo nkhani ya mwanayo mokweza, ngati nkhani ya kwa eni.

"Akungodzivutitsa. Zotere sizikhala. Mkaziyo akachira, Shaibu amubweze kwawo."

Anzawowo anavomereza ndi mitu. Khadija anafuna kuseka nawo monga ankachitira masiku onse, koma m'makutu mwake munali kulira kuja. Anasiya mbale yake pa mkeka ili yodzaza.

Sukulu itatsegulidwa, aphunzitsi a Bayoloje anajambula ubongo ndi msana pa bolodi, nafotokoza za madzi amene amazungulira mmenemo ndi zimene zimachitika tizilombo tikalowamo. Anafunsa funso, nayang'ana kwa Khadija monga mwa chizolowezi. Khadija ankadziwa yankho. Sanakweze dzanja.

Rute anabwerako patapita masabata asanu ndi awiri. Anatsika pa kabaza ali wowonda, mwana atamufungata pachifuwa. Shaibu anali atamutcha dzina pafoni: Yunus. Pamsana panali chipsera chachitali chouma bwino. Kuseri kwa khutu kunali china chaching'ono, pakuti madzi anayamba kuchuluka m'mutu ndipo madokotala anaikamo kachubu kowatsitsira m'mimba. Timiyendo tinkangolendewera, koma maso anali akuthwa, otsatira chilichonse choyenda.

Mayi Ajira anapereka moni ali chiimire, nabwerera kukasankha usipa wawo.

Masiku otsatira Khadija ankaonerera chapatali. Kanayi pa tsiku Rute ankatulutsa mkodzo wa mwanayo ndi kachubu kena kakang'ono, monga anamuphunzitsira ku Blantyre. Ankayeza mutu wake ndi chingwe n'kumanga mfundo poyezera, kuti aone ngati ukukula mopitirira. Masiku obwerera kuchipatala ankawadziwa pamtima. Sankapempha thandizo kwa aliyense.

Tsiku lina masana, amayi ake atapita kumsika, Khadija anakhala pansi pakhonde la Rute.

"Alamu," anatero. Aka kanali koyamba kumuitana chotero.

Rute anapitiriza kupukuta mwana.

"Madokotala anati chiyani za mutuwu? Akanapita Lachitatu lija, kachubuka sakanamuika?"

"Ndinafunsa," anayankha Rute. "Anati ana ambiri otere amakafuna ngakhale atafika msanga. Koma anati tizilombo tija tinatsala pang'ono kumupha, ndipo zimene tinaononga m'mutumo tidzazidziwa akamakula."

Khadija anaweramitsa mutu.

"Anesi anandituma kuti ndikudzutseni. Sindinakudzutseni. Ndinawauza kuti mwakana."

"Ndikudziwa."

Khadija anadzutsa mutu.

"Ndinadziwa Lachitatu lomwelo," anatero Rute, mawu ake osakwera. "Anesi anabwera masana kudzandikalipira kuti ndakaniranji. Inu munali panja, mukulankhula pafoni za diresi."

"Ndiye bwanji simunanene? Kwa amayi, kapena kwa achimwene?"

"Anesi ndinawauza zoona. Kunoko ndikanauza ndani? Inu ndinu ophunzira, ine ndine wotoledwa pamsika. Komanso ndinalibe nthawi yoganiza za inu. Mwana wanga ankafa."

Khadija akanakonda kutukwanidwa, kapena kumenyedwa khofi. Koma Rute ankalankhula ngati akunena za munthu amene anakumana naye pa minibasi. Misozi ya Khadija inatsika, ndipo Rute sanaione n'komwe chifukwa ankamanga thewera.

"Ndikhululukireni, alamu. Ndiwauza ndekha achimwene. Amayinso."

"Auzeni."

Yunus anatembenuza mutu nayang'ana Khadija. Mtsikanayo anatambasula manja.

"Ndingamunyamuleko?"

Rute anayang'ana manjawo kwa nthawi yaitali. Kenako anakweza mwana wake namuika paphewa, dzanja lake litaphimba chipsera chija.

"Lero ayi," anatero, nalowa m'nyumba.

Khadija anatsala pakhonde. Kumsewu kunamveka mawu a amayi ake akutsanzikana ndi anzawo. Anapukuta nkhope, naimirira kukawachingamira pageti.